Mlandu wa Jana Gonani udayambira kuno ku Mangochi

Awa ndi mawu amene mphunzitsi wina wopuma pantchito, yemwe adakhala zaka zambiri kunja kwa dziko lino pothawa ndale, adayankhula pamsonkhano wokambirana za ufulu wachibadwidwe pa Boma la Mangochi. Tawasindikiza monga m'mene adayankhulidwira.

Mafumu athu, mashehe, abusa ndi ansembe, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwaimirira kukhomoko chifukwa mipando yachepa, ndakuonani nonse.

Okonza msonkhano uno adandiuza kuti mutu ndisankhe ndekha. Nditawauza mutu wanga, mmodzi wa iwo adakhala chete pang'ono, kenaka nkundifunsa ngati sindingakambeko za kutha kwa chambo m'nyanja ya Malombe. Nkhani ya chambo njofunika, ndipo pano alipo oidziwa kuposa ine. Ine ndabwera ndi nkhani ya anthu amene amakondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, komanso ya ena amene adabadwa ndi thupi lachimuna koma moyo wawo wonse amadzidziwa kuti ndi akazi, enanso mosemphanitsa. Ndaona ena mwayamba kale kuyang'ana pansi. Ndipirireni mpaka ndimalize, mafunso ndi madandaulo mundipatse pamapeto.

Ndasankha mutuwu chifukwa mlandu umene udagwedeza dziko lonse pa nkhaniyi udayambira kuno kwathu, koma ife eni dera takhala chete ngati udachitikira ku Chitipa.

Mu Sepitembala 2021 apolisi adamanga munthu wina dzina lake Jana Gonani kuno ku Mangochi, patabuka mkangano pakati pa iye ndi anthu ena. Jana adabadwa ndi thupi lachimuna, koma amavala ndi kudzitchula ngati mkazi. Mabungwe oona za ufulu wa anthu amene adatsatira nkhaniyi adalemba kuti wapolisi wamwamuna adamuvula kuti aone kumaliseche kwake, kuti adamutsekera m'chitokosi cha amuna, ndiponso kuti adamutumiza kuchipatala kukamuyeza ngati mutu wake ukuyenda bwino. Pa 23 Disembala chaka chomwecho, kutatsala masiku awiri kuti Akhristu adye Khrisimasi, bwalo la majisitireti la pano pa Boma lidamupeza wolakwa, ndipo adalamulidwa kukakhala kundende zaka 8. Adakamutsekera ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, pamodzi ndi akaidi aamuna. Inu amene mudalowapo m'ndende zathu, kaya chifukwa cha ndale kaya pokaona m'bale, simufunika kuti ndikufotokozereni m'mene usiku umatalikira kwa munthu ngati ameneyu m'chipinda chodzaza amuna ogona mothithikana.

Ndinene mosabisa kuti pa milandu imene adamuimba padalinso ya kupeza zinthu za anthu mwachinyengo. Imeneyo sindikuiikira kumbuyo. Wotenga katundu wa mnzake mwachinyengo lamulo lake lilipo, ndipo limagwira wovala buluku ndi wovala chitenje yemwe. Chandibweretsa pano ndi mlandu winawo, wa ndime 153 ya buku la malamulo a milandu, lija amalitcha Penal Code.

Ambiri timaitchula ndime imeneyi tisadaiwerenge. Imati munthu wogonana ndi mnzake mwa njira yosemphana ndi chilengedwe, kapena wolola mwamuna kuti amuchite zimenezo, akhoza kukhala kundende zaka 14. Siifunsa ngati awiriwo ndi akuluakulu, siifunsa ngati adagwirizana, siifunsanso ngati chitseko chidali chotseka. Ndipo muimve bwino, imati munthu aliyense, kutanthauza kuti ngakhale bambo ndi mayi a pabanja lodalitsidwa kutchalitchi kapena kumzikiti ikhoza kuwagwira. Ndime 154 imapereka zaka 7 kwa wongoyesera. Ndime 156 imapereka zaka 5 kwa amuna ochita zimene lamulo limazitcha zonyansa, poyera ngakhalenso m'nyumba mwawo.

Bukuli lidayamba kugwira ntchito mu 1930, tauni ino ikutchedwa Fort Johnston. Palibe mfumu ya Chiyao, ya Chinyanja kapena ya Chingoni imene idafunsidwa maganizo. Atsamunda adangobwera nalo monga adachitira ku Kenya, ku Uganda ndi ku Northern Rhodesia. Eni akewo ku England adachotsa lamulo lotere mu 1967, patangopita zaka zitatu ife titalandira ufulu wodzilamulira. Chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria chili apo pafupi ndi mlatho, tidachisunga ngati chikumbutso ndipo sichidamangepo munthu. Ndime 153 ndi chikumbutso chinanso cha nthawi yomweyo, koma icho chimamanga. Komabe tisawasenzetse zonse atsamunda. Ndime 137A, yomanga akazi okondana okhaokha kwa zaka 5, adaivomereza ndi aphungu athu omwe mu Disembala 2010, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adaisainira kumayambiriro a 2011. Imeneyo tidaumba tokha, m'nthawi ya matipate.

Jana, mothandizidwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance, adachita apilo mu 2022, ndipo nkhaniyi idafika pabwalo loona za Malamulo Aakulu a dziko lino. Funso lidali lakuti: kodi ndime zimenezi zikugwirizana ndi Konsitityushoni ya 1994, imene mu ndime 19 imateteza ulemu wa munthu, mu ndime 20 imaletsa tsankho, ndipo mu ndime 21 imateteza za m'nyumba mwa munthu? Tsoka ilo, mlandu wa Jana udaphatikizidwa ndi wa mzungu wa ku Netherlands, Jan Willem Akster, yemwe adamangidwa mu 2020 pomuganizira kuti ankagona achinyamata amene ankathandizidwa ndi bungwe limene iye ankagwirako ntchito. Kwa ine kuphatikizako kudasokoneza zinthu kwambiri. Munthu wamba womvera wailesi adangomva kuti mzungu wogona ana akufuna kusintha malamulo a Malawi. Ife a kunyanja kuno tikudziwa kuti alendo ena ofika ku Cape Maclear ndi m'malo ogona a m'mbali mwa nyanjamu amabwera ndi ndalama kudzanyengerera ana a anthu osauka, anyamata ndi atsikana omwe. Otero amangidwe, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukachitira umboni. Koma wogwirira mwana ndi akuluakulu awiri ogwirizana m'nyumba mwawo sangakhale pa mlandu umodzi, monganso sitimanga mabanja onse chifukwa bambo wina wagwirira mwana wamkazi.

Mlanduwo uli mkati, pa 13 Julayi 2023, zikwi za anthu a mipingo ndi Asilamu adachita ziwonetsero ku Blantyre, motsogozedwa ndi Ambuye Thomas Luke Msusa ndi atsogoleri ena a zipembedzo. Uthenga wawo udali wokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Komatu pabwalo paja padalibe wopempha ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 lidanena kale kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo silidali pa mlandu. Chimene chinkapemphedwa ndi chakuti anthu asamatsekeredwe m'ndende. Pa 28 Juni 2024 majaji atatu, a Joseph Chigona, a Vikochi Chima ndi a Chimbizgani Kacheche, adakana pempholo, nati woona kuti lamuloli nlolakwika apite nalo ku Nyumba ya Malamulo. Sabata imodzi yokha izi zisadachitike, pa 21 Juni, bwalo lalikulu la ku Namibia lidali litagamula mosiyana, kuthetsa lamulo lawo lofanana ndi lathuli. Tsono poti majaji athu akankhira nkhaniyi kwa aphungu, ndiye kuti aikankhira kwa ife, pakuti aphunguwo timawatuma ndife.

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri pa minibasi ndi pamaliro ndi akuti zimenezi nzachilendo, adabwera nazo ndi azungu odzasambira m'nyanja. Abambo achikulire amene mudapita ku Wenela, kapena amene mudakula mukumva nkhani za atate anu ochokera kumigodi ya ku Johannesburg, mukudziwa kuti sizoona. M'makomboni a kumigodi amuna achikulire ankatenga anyamata ngati akazi awo, kuwagulira zovala, iwo nkumawaphikira. Zidali zodziwika mwakuti boma la ku Transvaal lidachita kuikapo kafukufuku mu 1907. Ngakhale mawu aja mumakonda kutukwanira, akuti mathanyula, akumveka mofanana ndi matanyola a ku Botswana ndi ku South Africa, ndipo adafika kuno m'masutikesi a agogo athu. Sindikunena kuti za kumigodi zija zidali chikondi chokhachokha, mudalinso umphawi ndi kukakamizana. Ndikungonena kuti makolo athu ankazidziwa. Ankadziwanso kuti pamudzi pamapezeka mwamuna wosafuna kukwatira, wokonda kukhala ndi amayi pamtondo, kapena mkazi wokana amuna onse omufunsira. Ankamuseka, nthawi zina ankamupititsa kwa sing'anga, kawirikawiri ankamukakamiza banja. Koma sindidamvepo kuti mfumu idamanga munthu wotere m'goli kwa zaka 14.

Chimene chasintha m'masiku athu ano nchakuti nkhani imene inkanong'onedwa idatuluka pabwalo. Idatuluka pa 26 Disembala 2009, pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adachita chinkhoswe ku Chirimba, mu Blantyre. Patapita masiku awiri adamangidwa. Mukukumbukira chinamtindi cha anthu chimene chinkasonkhana kubwalo la milandu kudzawakuwiza ndi kuwaseka ngati kwabwera gule. Pa 20 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa Usiwa adawapatsa chilango chonse chathunthu, zaka 14 za kalavulagaga. Pa 29 Meyi a Bingu adawakhululukira atakumana ndi mkulu wa bungwe la United Nations, a Ban Ki-moon, koma adanenetsa kuti sakugwirizana ndi zimene awiriwo adachita. Tiwonge adatuluka m'ndende nkupeza kuti m'dziko lonse la Malawi mulibe poti nkupondapo mwamtendere. Adathawira ku Cape Town ngati wothawa kwawo.

Apa ndiyankhule ndi inu anzanga amene tidabwerera kuchokera ku Dar es Salaam, ku Lusaka, ku Harare ndi ku London. Ine ndidachoka kuno ndili mnyamata, pamodzi ndi makolo anga, pambuyo pa zija za a Chipembere za mu Febuluwale 1965, pamene kungokhala wochokera kutsidya la ku Malindi kudali kokwanira kuti akutche chigawenga. Tidabwerera itadutsa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, boma litalengeza chikhululukiro kwa onse othawa. Tidalumbira pamisonkhano, ena a ife tikulira, kuti Mmalawi sadzathawanso m'dziko lake chifukwa cha chimene iye ali. Sipadathe zaka 20 Mmalawi wa ku Thyolo adanyamula kachikwama nkuwoloka malire, ndipo ambiri a ife tidaseka nawo. Inu mukudziwa kukoma kwake kwa kudzuka m'dziko la eni, kumva kuti mayi ako amwalira, nkulephera kukaponya dothi pamanda.

Tikumbutsanenso kuti m'nthawi ya chipani chimodzi ozunzidwa sankazunzidwa ndi Kamuzu yekha. A Mboni za Yehova ataletsedwa mu 1967, ndipo makamaka mu 1972 pamene zikwizikwi zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique, amene ankaotcha nyumba zawo adali ayufi ndi apayoniya, ana a pamudzi pomwepo. Anthu ambiri ankati azionere okha, bwanji akukana kugula khadi. Anthu a m'mudzi wa Moto, m'boma lathu lino, adatengedwa mudzi wonse kukatsekeredwa ku Dzaleka, ena onse tili chete. Lamulo la 1973 lidaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi, ndipo tinkauzidwa kuti likuteteza chikhalidwe chathu. Lidachotsedwa mu 1993. Amayi ena mwavala mabuluku muno lero, ndipo chikhalidwe sichidafe: jando ndi nsondo zikuchitika chaka ndi chaka, sadaka tikudya, ana akugwadirabe akulu. Choncho munthu akandiuza kuti anthu ambiri sakufuna, ndimavomera kuti ndi zoona, ambiri sakufunadi. Koma ndime 20 ija tidailembera munthu amene ambiri sakumufuna. Wokondedwa ndi onse safuna Konsitityushoni.

Za andale ndidutsepo msanga, chifukwa nkhani yawo njofanana. Mu Meyi 2012 Mayi Joyce Banda adauza Nyumba ya Malamulo kuti malamulowa achotsedwa, koma sadachotsedwe. Mu Disembala 2015 nduna ya za malamulo, a Samuel Tembenu, idalengeza kuti boma layamba laimika kumanga anthu pa milandu imeneyi. Mu Febuluwale 2016 bwalo lalikulu la ku Mzuzu lidaimitsa ganizolo abusa ena atakasuma. Boma lililonse lakhala ndi malilime awiri, lina loyankhulira kwa opereka thandizo, lina loyankhulira kwa ovota. Nawonso opereka thandizowo sadatithandize. Pamene David Cameron adaopseza mu Okutobala 2011 kuti Britain ichepetsa thandizo ku maiko okhala ndi malamulo otere, adangopereka chibonga kwa onena kuti nkhaniyi nja azungu, ndipo chibongacho chidagwera pamsana pa Amalawi osauka a m'makomboni.

Tsopano kwa inu atsogoleri athu a zipembedzo, ndiyankhula mwaulemu wonse. Sindidabwere kudzakupemphani kuti musinthe chiphunzitso. Shehe aphunzitse zimene buku lake likunena, wansembe chimodzimodzi, ndipo palibe akukakamizeni kudalitsa chimene simukhulupirira. Ufulu umenewo ulinso m'Konsitityushoni yomweyi. Pempho langa nlakuti tisiyanitse tchimo ndi mlandu. Chigololo ndi tchimo kutchalitchi ndi kumzikiti komwe. Tikadati aliyense wachigololo alandire zaka 14, ndende ya Zomba ikadafunika kukula mpaka kufika ku Liwonde, ndipo msonkhano uno sukadakwana anthu. Mowa ndi woletsedwa kwa Msilamu, koma apolisi samanga Mkhristu womwa. Wosapemphera Lachisanu kapena Lamulungu timamulangiza, sitimuitanira galimoto ya polisi. Mu Januwale 2023 Papa Francis adanena poyera kuti kukhala munthu wotere si mlandu, ndipo kuti malamulo omanga anthuwa ngosalungama. Mwezi wotsatira, pochokera ku South Sudan, adabwereza mawuwo ali pamodzi ndi Justin Welby, yemwe panthawiyo adali mkulu wa mpingo wa Anglican, ndi Iain Greenshields wa Church of Scotland, mpingo umene udabala sinodi ya Blantyre. Papayo sadasinthe chiphunzitso cha ukwati. Adangokana ndende.

Ambuye Msusa, amene adatsogolera ziwonetsero zija, ndi mwana wa boma lino, ndipo ndimawalemekeza. Mbiri yawo adaifotokoza okha kambirimbiri. Adabadwira m'banja la Chisilamu, bambo awo adali mtsogoleri wa mzikiti, ndipo atalowa Chikatolika ali mnyamata abale awo adawakana. Patapita zaka zambiri banjalo lidayanjananso, mpaka bambo awo adabatizidwa ndi mwana wawo yemweyo. Sindikuitchula mbiriyi kuti ndikweze chipembedzo china pamwamba pa chinzake, mashehe mundimvetse. Ndikuitchula chifukwa Ambuyewo akudziwa m'thupi mwawo kuwawa kwa mwana wouzidwa kuti pakhomo pano usadzapondenso. Ndipo mpingo wawo ndi womwe udatitsegulira pakamwa tonsefe ndi kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, imene idasindikizidwa kufupi konkuno, ku Balaka, mpaka nyumba yosindikizirayo idatenthedwa. Kalatayo inkadandaula za anthu otsekeredwa m'ndende popanda chilungamo. Ndikadakonda ikadawerengedwanso.

Ife a ku Mangochi tili ndi luso limene a m'maboma ena alibe. Pakhomo limodzi pamakhala Msilamu, Mkatolika ndi wa Anglican, ana a mayi mmodzi. Pamaliro timadziwa woti aphe mbuzi kuti onse adye. Timakangana, inde, za nkhumba pamsika ndi za hijabu m'sukulu za mipingo, ndipo mkangano wa hijabu udafika poipa mu 2019 kwa anansi athu a ku Balaka. Koma udatha ndi kukhala pansi, mpaka mbali zonse zidasainirana pangano mu 2021 mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee. Palibe adasiya chikhulupiriro chake. Aliyense amakhulupirirabe mumtima kuti mnzakeyo wasochera, komabe amabwerekana mchere.

Ndipo sitifunika kukwera ndege kuti tikaone dziko lopanda lamuloli. Kwerani galimoto ya ku Namwera, mukatsike pa Chiponde, muwolokere ku Mandimba. Kumeneko kuli Ayao anzathu, mizikiti yomweyi, ndi achibale athu enieni. Dziko la Mozambique lidachotsa lamulo lachitsamunda lotere mu Juni 2015. Kodi mudamvapo kuti ku Mandimba anthu adasiya kukwatira, kapena kuti ku Lichinga ana sakubadwanso? Bungwe la Afrobarometer litafunsa anthu m'zaka za 2014 ndi 2015 ngati angalole kuyandikana nyumba ndi munthu wotere, ku Mozambique adavomera anthu 56 mwa 100 aliwonse, kuno ku Malawi 6 okha. Anthu ake ndi amodzimodzi, chosiyana ndi zimene akhala akumva kwa atsogoleri awo. Ku Botswana mabwalo a milandu adathetsa lamuloli mu 2019 ndi 2021, ku Angola lidatha mu 2021. Ku Uganda adalowera kwina, mu 2023 adakhwimitsa mpaka kuikapo chilango cha imfa. Zitsanzo zonse ziwiri nza mu Africa muno, tisankhe tokha chotengera.

Pali chinthu china chimene amayi muyenera kuchimva, chifukwa chikukhudza inu. Pakati pa 2011 ndi 2014 bungwe la CEDEP, lotsogozedwa ndi a Gift Trapence, pamodzi ndi akatswiri a zaumoyo, lidachita kafukufuku pakati pa amuna oposa 2,400 ogonana ndi amuna anzawo m'madera 7 a dziko lino, ndipo Mangochi idali imodzi mwa maderawo. Adapeza kuti pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse adali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu woopa zaka 14 sapita kuchipatala kukafotokoza chimene chamuvuta ndi pamene chamuvuta. Amagula mapiritsi pagolosale nkumadikira. Ndipo popeza timawakakamiza kukwatira kuti tichotse manyazi pamtundu, ambiri mwa iwo ali ndi akazi kunyumba. Mtsikana amene mudamuvinira pachinkhoswe, mukusangalala kuti mnyamata uja tsopano wawongoka, ndi mwana wa munthu nayenso. Adalowa m'banja lopanda chikondi, limene adalikonza ndi akuluakulu pofuna kutseka pakamwa pa anthu.

Kodi pali chimene chasuntha? Chilipo, ngakhale nchochepa. Kale panalibe Mmalawi woti nkuima poyera kunena kuti ine ndine wotere. Mu Januwale 2016 Eric Sambisa adanena zimenezo pa kanema wa Times, nkhope yake ikuoneka. Pa 26 Juni 2021 kagulu ka anthu kadayenda m'misewu ya Lilongwe kukapereka chikalata cha madandaulo awo kwa akuluakulu a mzinda, ambiri atabisa nkhope, ndipo adabwerera kwawo amoyo. Anyamata athu ambirimbiri a kuno amene amapita ku South Africa kukasoka zovala ndi kugulitsa m'mashopu amagwira ntchito ndi anthu otere, ena ndi mabwana awo, ndipo pobwera amakhala atazolowera, ngakhale sanena pagulu.

Koma kusuntha kwenikweni ine ndidakuona pamaliro, kumudzi kwathu kutsidyaku. Mnyamata wina adathamangitsidwa ndi amalume ake, eni mbumba, atamveka mbiri yake. Adapita ku Durban. Kwa zaka zambiri ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, nyumba ya mayi ake idafoleredwa malata, alongo ake adaphunzira sukulu. Ndalamazo zinkalandiridwa, koma dzina lake silinkatchulidwa pakhomopo. Atamwalira, anzake ndiwo adasonkherana kuti thupi libwere, ndipo inu mukudziwa mtengo wake wonyamula maliro kuchokera kumeneko. Anayi mwa iwo adaperekeza bokosi mpaka kumudzi. Adakhala paokha pansi pa mtengo wa mango, anthu akuwaloza ndi milomo, osapatsidwa ngakhale madzi. Nthawi ya chakudya itakwana, achinyamata ogawa nsima ankangowadutsa. Ndiye mayi ake aakulu a malemuyo, gogo woyenda ndi ndodo, adadzuka pakati pa amayi olira, nakatenga beseni la madzi, nkukagwada pamaso pa alendowo kuti asambe m'manja. Adabwerera kukatenga nsima ndi ndiwo yekha. Sadayankhule kanthu kwa wina aliyense. Amalume aja adangoti zyoli. Pambuyo pake gogoyo adandiuza kuti iye za ku Durban sazidziwa ndipo sakufuna kuzidziwa, chimene akudziwa nchakuti anawo adamubweretsera mwana wake. Paja amati chibale ndi fupa, sichiola.

Gogo ameneyu sadawerengepo Konsitityushoni, ndipo mutamufunsa ngati zimene ankachita mnyamatayo nzabwino, ndikhulupirira angakane. Koma mutamufunsa ngati akadalola kuti apolisi amutsekere zaka 14, mukudziwa yankho lake. Amalawi ambiri ali pamenepo, kungoti amafunsidwa funso loyamba lokha.

Ndili ndi zopempha zochepa, zoti zikhoza kuchitika lamulo lisadasinthe nkomwe. Kwa apolisi amene muli muno: palibe ndime imene imakulolani kuvula munthu kuti anzanu aseke, ndipo munthu wotere akabwera kudzadandaula kuti wamenyedwa kapena walandidwa foni, lembani dandaulo lake, musamutembenuzire mlandu. Achifwamba ena amadyera pomwepo, podziwa kuti wobedwayo sangapite kupolisi. Kwa anamwino ndi madokotala: zimene mwamva m'chipinda choyezera zithere momwemo, musaitane anzanu kuti adzaone. Kwa mafumu: musalole kuti munthu aotcheredwe nyumba kapena kusamutsidwa pamudzi chifukwa cha mphekesera. Kwa eni mbumba: musadathamangitse mwana, kambani ndi mayi ake poyamba.

Ndipo aphungu athu akabwera kudzagawa mipira ndi zitenje, wina aimirire awafunse funso lachiwiri lija: kodi a bwana, mwana wa mlongo wanu atapezeka kuti ngotere, mukufuna akakhale ku Chichiri zaka zingati? Muwaumirize atchule nambala.

A Wapampando, nthawi mudandipatsa yatha kale. Ndaona a Shehe kutsogoloku akhala akulemba chilembere kuyambira pamene ndidatchula Mandimba, ndiye ndikhale pansi kuti ayambe ndiwo kundifunsa.